Wopha Nsikidzi Wosafuna Kuzitchula

Masiku ano munthu akafuna chinthu safunsanso mnansi wake. Amalemba liwu m'foni, foniyo n'kumundandalikira mayina a ogulitsa, wina pamwamba, wina pansi. Wapamwambayo ndiye amaimbiridwa. Wapansi, ngakhale katundu wake akome chotani, amangotsala kuingitsa ntchentche. Ndiye pali anthu amene ntchito yawo ndi kukonza masamba a amalonda pa intaneti kuti dzina lizikwera. Mtsikana wa m'chipinda chachitatu, pamwamba pa sitolo ya misomali ndi penti, ankadyera imeneyo, ndipo a mumsewumo ankangomuti Wokweza.

M'chipinda mwake munali tebulo, mipando iwiri, kompyuta, ndi chokupizira mphepo chimene khosi lake linauma kalekale. Khoma linali la thabwa. Kuseri kwake kunkasokera mayi telala, amene makina ake ankangoima okha mlendo akalowa kwa Wokweza.

Lolemba lina kunalowa bambo wa jekete, dzuwa lonse lija, akuzunguza makiyi a galimoto pa chala. Sanagogode. Munthu wolowa osagogoda muzimuyang'ana kawiri, wabwera ataganiza kale kuti chipindacho ndi chake.

"Wokweza uja ndi iwe? Ndimayesa ndipeza mwamuna."

"Ndi ineyo, bambo. Mpando uwo."

"Ndikufuna ndikhale woyamba. Pofika Lachisanu."

Bamboyu ankapopera mankhwala m'nyumba za anthu, kupha tizilombo. Anali ndi antchito anayi ndi galimoto yolembedwa m'mbali. Wokweza anatsegula tsamba lake. Pamwamba panali chithunzi cha mwini wake atapinda manja pachifuwa, pansi pake mawu akuti "Akatswiri a Mtendere wa Pabanja." Anawerenga mpaka kumapeto, osakumana ndi kachilombo ngakhale kamodzi.

"Bambo, wowerenga apa aziyesa mumayanjanitsa maukwati."

Kuseri kwa khoma kunamveka kutsokomola.

"Ine ndimafuna zaulemu," anatero bamboyo.

Wokweza anamutembenuzira kompyuta. "Awa ndi mawu amene anthu amalemba akamafuna munthu ngati inu. Chiswe chili pachitatu, mphemvu pachiwiri. Choyamba ndi ichi, nsikidzi, ndipo chasiya zinzake kutali. Munthu wa nsikidzi sauza mnzake, amachita manyazi. Amauza foni. Liwuli likapanda kukhala pa tsamba lanu, foniyo sidziwa zoti mumazipha. Ndipo za Lachisanu muiwale, izi zimatenga miyezi."

Foni ya bamboyo inalira. Anaiika kukhutu, dzanja linalo akukupiza ngati akuthamangitsa utsi. "Chita zimene ukudziwa, mwanawe. Bola woyamba."

Apa ndi pamene mtsikanayo anaponda poterera. Mawu a munthu amene khutu lina lili pa foni sagwirika. Akanamulembetsa papepala, n'kumusainitsa.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Wokweza sinazizire, bamboyo ankangoimba. M'mawa, masana, ngakhale ali ndi chakudya m'kamwa.

"Ndayang'ana. Sindikuoneka."

"Padutsa masiku anayi okha, bambo."

"Mlamu wanga akuti izi n'zongodina batani."

Wokweza ankaika foni pansi, n'kubwerera pa ntchito. Analemba za momwe nsikidzi zimabisalira m'misoko ya matiresi, za timadontho takuda timene zimasiya pakhoma, za masiku amene nyumba iyenera kutsegulidwa mawindo akapopera. Anachepetsa zithunzi zolemera zimene zinkachedwetsa tsambalo kutseguka. Anapezanso kuti nambala ya foni imene inalembedwapo inali yoperewera, zaka ziwiri zathunthu, popanda woona. Mwezi wachitatu dzina la bamboyo linafika pamwamba penipeni. Galimoto ija inayamba kutuluka mbandakucha, kubwerera zigubu zili gwa. Kuthokoza? Anangosiya kuimba. Anthu ena zikomo wawo ndi ameneyo.

Patapita milungu iwiri anatulukiranso, maso ali psu.

"Wandiyalutsa, iwe."

"Chachitika n'chiyani, bambo?"

"Lamulungu tinali kwa apongozi. Mlamu wanga analemba liwu lako lija m'foni, n'kuonetsa nyumba yonse. Nkhope yanga iyi, pambali pake chilombo. Apongozi anasuntha mpando. Pochoka ndinaona akutulutsa khushoni imene ndinakhalira, kukaiyanika padzuwa. Pano ana a kwathu akaona galimoto akuti a Nsikidzi akudutsa."

Wokweza anadziluma mlomo kuti asaseke, pakuti anaona kuti munthuyo zamuwawa zenizeni. "Pepani, bambo. Chithunzi chanu tikhoza kuchichotsa, tiikepo cha galimoto. Nkhope yanu isiya kuonekera pambali pa kachilomboko."

"Chithunzi chikhale. Liwu lichoke."

"Likachoka mutsika. Ndikukuuzani lero dzuwa likuswa mtengo, mutsika, ndipo foni isiya kulira."

"Wolemba mnzake ntchito ndi ndani pano, iwe kapena ine?"

"Ndi inu. Koma kaganizeni kaye mpaka mawa."

Sanaganize. Mawu achinsinsi otsegulira tsambalo anali nawo, popeza tsamba linali lake. Anafika kunyumba, n'kufufuta yekha paliponse pamene panali liwulo, mzere ndi mzere, mpaka ziganizo zina kutsala zoduka mutu. Kiyi wa nyumba imene ukumanga, ukamusiya m'manja mwa munthu wokwiya, mawa upeza makoma ali pansi.

Milungu itatu isanathe, dzina lake linali litatsetsereka mpaka tsamba lachitatu la mndandanda wa mayina, kumene safikako munthu, ngati kuseri kwa kabati.

Amalonda a mumsewumo anali ndi gulu lawo la pafoni, anthu oposa mazana awiri, lochenjezerana za akuba ndi za kuzima kwa magetsi. M'mawa wina telala analowa kwa Wokweza, tepi ili m'khosi, foni ataitsogoza.

"Asisi, mwaona zimene alemba a Nsikidzi aja?"

Uthengawo unkati, "Chenjerani ndi mtsikana wa chipinda chachitatu. Amakukweza kuti umukhulupirire, kenako amakugwetsa. Wandiphera malonda."

Wokweza anawerenga katatu. Ntchito yake inalibe katundu woika pashelefu kuti wodutsa aone yekha ubwino wake. Katundu wake linali dzina basi, ndipo dzinalo analimanga zaka zitatu, kuyambira pamene analibe ndi mpando wachiwiri womwe. Tsiku lomwelo bambo wogulitsa magalasi a maso, mmodzi mwa amene ankawakonzera masamba, anatumiza uthenga kuti aimitse kaye ntchito yake. Mawa lake mayi wa sukulu ya mkaka anateronso. Anthu amene anawatulutsa yekha kuseri kwa kabati, osafunsa n'komwe kuti kodi zinayenda bwanji.

"Yankhani," anatero telala. "Ine ndi mboni. Ndinamva zonse, makina anali ataima."

"Anaima okha?"

"Ulusi unaduka."

"Umaduka nthawi zonse ndikakhala ndi mlendo." Wokweza anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Sindingayankhe pagulu, mayi. Ndikaulula za khushoni ya apongozi ake, enawa aziti mawa ndiulula zawo. Aliyense wolowa muno amandiuza zimene sauza mkazi wake."

Anamuimbira bamboyo kanayi kuti achotse uthengawo. Sanayankhe. Munthu amene ankaimba katatu pa tsiku.

Lachinayi lotsatira bamboyo anabwera mwini wake, wopanda manyazi, pambuyo pake pali mayi wochepa thupi wa chikwama chakuda. Anali mkazi wake, amene ankayankha foni ya kuntchito kwawo. Bamboyo anadzikokera mpando, mayiyo anatsala chiimire mpaka Wokweza anamupatsa wake.

"Ndabwera kuti ukonze zimene unawononga," anatero bamboyo. "Undibwezere pamwamba. Koma popanda liwu lija."

"Amene anawononga ndi ine?"

"Zakale tizisiye. Ndakukhululukira."

Wokweza anamuyang'ana m'maso. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Bambo, kompyuta imasunga tsiku ndi ola limene chinthu chafufutidwa, ndi dzina la wofufutayo. Ndikhoza kukuonetsani pompano. Munafufuta nokha, malo makumi anayi ndi awiri. Kenako munakauza msewu wonse kuti ndine wogwetsa anthu. Tsamba lanu sindilikhudza mpaka mutalemba pagulu pomwe paja kuti munanama."

"Ine ndipepese kwa mwana ngati iwe?"

"Ndionetseni ineyo, mwana wanga," anatero mayiyo chapansipansi.

Wokweza anamutembenuzira kompyuta. Mayiyo anatsata mizere ndi chala, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atafika kumapeto anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

"Bambo a ana, ine munandiuza kuti mtsikanayu wachita dala."

"Iwe usalowerere za ntchito."

"Foni imene yakhala chete milungu itatu ndimaisunga ndine. Anyamata anayi aja akungosewera bawo pansi pa galimoto. Mwakhala mukupha nsikidzi zaka khumi ndi ziwiri, jekete limeneli zinakuvekani ndi zomwezo, lero mukuti simukuzidziwa? Amayi anayanika khushoni chifukwa mdzukulu wawo anakodzerapo."

Kuseri kwa khoma china chake chinagwa, mwina sizasi.

Bamboyo anatulutsa foni mokwiya, n'kulemba, n'kumuonetsa Wokweza. "Panali kusamvana pang'ono."

"Ayi, bambo. Ife tinamvana bwinobwino. Ndinati mutsika, inu munamva."

Pamenepo mayiyo anatsomphola foniyo m'manja mwa mwamuna wake. Sanavutike n'kulemba. Anadina pojambulira mawu, n'kuiyandikiza kukamwa. "Anthu a mumsewu, ndine mkazi wa wopopera mankhwala. Zija analemba amuna anga za mtsikana wa chipinda chachitatu n'zabodza. Mtsikanayu anatikweza. Amuna anga anafufuta okha liwu lakuti nsikidzi chifukwa cha manyazi, atachenjezedwa, ndiye tinagwa. Ife timapha nsikidzi. Amene muli nazo imbani, sitiuza munthu." Anatumiza pagulu lija, n'kuika foniyo m'chikwama mwake.

Bamboyo anaimirira. Anatsika masitepe yekha.

"Liwulo ndilibwezera," anatero Wokweza. "Koma kuyambira lero ndizilankhula ndi inu, mayi. Ndipo mawu achinsinsi tisintha, muziwadziwa ndinu."

"Ndi chithunzi chomwe chija muchotse. Muikepo galimoto," anatero mayiyo.

Mayi wa sukulu ya mkaka anabwera Lolemba, akuseka mwamanyazi, akuti iye sanakhulupirire n'komwe, anangoti aone kaye. Wokweza anamupatsa mpando. Koma bambo wa magalasi sanabwerere. Anauza telala kuti pafuka utsi pali moto, n'kukapereka ntchito yake kwa wina wa kutsidya kwa msewu. Bodza limalowa m'makutu mazana awiri nthawi imodzi, koma pochoka limatuluka khutu limodzilimodzi, ndipo mwina limakana. Mpaka lero akakumana ndi Wokweza pamasitepe, bambo wa magalasiyo amayang'ana khoma, mtsikanayo n'kumupatsa moni yekha.