Dziwe la Asibweni Esau

"Ayi, osati choncho iwe! Nyongolotsi sitipachika ngati malaya pa msomali," anatero a Esau. "Lowetsa mbedza kuyambira kumutu, chitsulo chonse chibisike. Kamchira kokha katsale kakuvina."

Eluby anayesanso. Nyongolotsi ija inaterereka n'kugwera pa siketi, iye n'kukuwa ngati waona njoka kkkk. Mtsikana wa folomu fili wathunthu, kudumpha nyongolotsi!

A Esau anali alongo awo a mayi ake, ndipo ankawatchula kuti asibweni monga amachitira anthu kwawoko, mudzi wina pafupi ndi Chitipa Boma. Chaka chathachi sitiroko inawapha dzanja lamanja ndi mwendo, ndiye sukulu yonse ya kuwedza inkachitikira pakhonde. Mtsinje wake unali beseni lochapira.

Anamuonetsa kumanga chingwe kunsonga ya nsungwi, kumangirira kanati ka njinga kuti mbedza imire, ndi kudula kachidutswa ka patapata kuti kaziyandama pamwamba.

"Kapatapata kakamangogwedera usakoke, ndi matemba akukuseweretsa. Kakamira, werenga kawiri, kenako koka. Chithunzithunzi chako chisagwere pamadzi. Ndipo mafuta ako onunkhirawo usadzole, mlamba umanunkhiza kuposa apongozi."

Eluby anaseka mpaka kugwetsa beseni.

"Seka, koma ukaugwira usamale minga ya m'mbali, udzalira m'Chilambya."

Kenako anatsitsa mawu. Kuseri kwa munda wawo wakale, pansi pa mkuyu, kamtsinje kanapanga dziwe lakuya lobisika ndi bango. Zaka makumi awiri ankawedza pamenepo okha. Ngakhale ana awo sanawauze, chifukwa ana awowo ndi anthu a maukonde.

"Masiku asanu ndi limodzi uzikathira masese a mowa, osaponya mbedza ayi, milamba izolowere. Loweruka ukaphe itatu basi. Ing'onoing'ono ubweze. Ndipo usauze munthu, wamva?"

"Ndamva asibweni."

"Chakudya chilichonse chikundinyansa mwana wanga. Koma mlamba wa pamenepo ndingadye."

Anamupatsa kachitini ka mbedza zawo, kadzimbiri, kamene ngakhale akazi awo sankakakhudza. Eeh, Eluby tsiku limenelo ankayenda ngati wapatsidwa makiyi a galimoto.

Vuto linali masese. Ankapezeka kwa Temwa, mnzake wa kuyambira sitandade wani, chifukwa mayi ake a Temwa amaphika chipumu, mowa wa mawere uja. Tsiku loyamba Temwa anangomudzazira chidebe. Lachitatu anagwira chidebecho osachisiya.

"Masese tsiku ndi tsiku, mwagula nkhumba kwanu?"

"Palibe."

"Ndiye ukumwa wekha kutchire?"

Eluby analuma mlomo, koma kuseka kunamutulukira m'mphuno. Iye ndi Temwa sanabisiranepo kanthu, ngakhale za anyamata. Ndiye nsomba?

"Lumbira kaye."

"Chiuta akuona, pakamwa panga pali loko."

Anapita onse. Atathira masese anakhala chete, kenako madzi anayamba kuwira. Milamba yakuda ngati mikono ya munthu, ndevu zili pamwamba. Temwa anatulutsa foni n'kujambula.

"Ufufute zimenezo."

"Ndifufuta, iwenso mantha ngati wabisa golide."

Loweruka Eluby anadzuka m'mamawa, sanadzole kanthu, anakumba nyongolotsi yekha osakuwa. Asanafike pa mkuyu anaona matayala a njinga yamoto atadinda m'matope. Bango linali lopondedwapondedwa. Pamiyala panali masamba osinja a katupe, mankhwala aja amaledzeretsa nsomba zonse m'madzi. Dziwe linali mbuu. Timilamba ngati chala tinkayandama mimba zili kumwamba, matemba, ngakhale anambulundu, ana a achule aja. Ntchentche zinali zitayamba kale.

Anakhala pansi. Ndipo mukudziwa chimene anachita? Anaikabe nyambo. Kuyambira kumutu, chitsulo chonse chobisika, kamchira kakuvina. Anakhala moti chithunzithunzi chake chigwere kumbuyo. Anachita zonse bwinobwino ndendende monga anamuphunzitsira. Kapatapata kaja kanangokhala phee pakati pa nsomba zakufa mpaka dzuwa linafika pamutu.

Pobwerera, pamphambano pamene amaima akabaza, anapeza anthu ataunjikana. Arthur, chibwenzi cha Temwa, anali atayika beseni pa mpando wa njinga yake, milamba ili tho, amayi akulimbirana.

"Mlamu!" anakuwa Arthur atamuona. "Ndodo yabwino imeneyo. Wapha ingati?"

"Mwazitenga kuti nsombazi?"

"M'madzi. Kapena kwanu zimamera m'munda?"

Akabaza anzake anaseka.

"Mwathira katupe padziwe la asibweni. Mwapha ndi tiana tomwe."

"Dziwe la asibweni? Anakumba ndi khasu liti? Iwe ukufuna uziwedza imodziimodzi ngati ukusankha mwamuna. Ife tathana nazo ola limodzi. Komatu zikomo, zanenepa bwino, masese aja agwira ntchito."

Mayi wina amene anali atanyamula mlamba anauyang'anitsitsa, anaununkhiza, n'kuuikabe m'jumbo. Eluby ananyamula nsungwi yake n'kumapita, akabaza akumuimbira mluzu.

A Esau anali pakhonde. Pambali pawo panali mbale ya matimati ndi anyezi odula kale. Anali atauza akazi awo kuti asaphike ndiwo zina.

"Msodzi wafika," anatero akumwetulira mbali imodzi ya pakamwa. "Ndione."

Eluby anagwada. Anafotokoza za matayala, za katupe, za beseni la Arthur. Amalume ake sanamudule mawu. Atamaliza anangofunsa chinthu chimodzi.

"Unauza ndani?"

"Temwa yekha asibweni. Analumbira."

"Nawenso unati wamva."

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri. Akanamutukwana bwenzi atalira n'kupepukidwa. Iwo anangoyang'ana mbale ya matimati ija nthawi yaitali.

"Zidzabwereranso mvula ikagwa, eti asibweni? Ndidzathiranso masese, ndidzapempha kwina."

"Mwina patapita zaka ziwiri. Koma njira aidziwa tsopano, zikangobwerera iwonso abwerera." Anatambasula dzanja lamanzere, lamoyo lija. "Bweretsa chitini."

"Asibweni, nyambo ndinaika bwino. Sindinaope. Ndinachita zonse."

"Ndikudziwa. Bweretsa."

Anawapatsa. Anakalowetsa m'thumba la jekete movutikira, n'kuitana akazi awo kuti matimatiwo athire m'nyemba. Nyembazo atazibweretsa anadya kawiri kokha n'kukankha mbale.

Eluby anapita kuseri kwa nyumba ndi foni. Analemba uthenga wautali, kufufuta, kulembanso. Pomaliza anangotumiza kuti: "Temwa, unalumbira. Asibweni sanadye ndipo andilanda mbedza. Kwanu sindidzapondakonso."

Sipanapite mphindi, foni inalira.

"Iii Eluby nawenso, ine ndinangomuonetsa Arthur video, sindinamutume ayi. Chinanso mtsinje si wa munthu. Usatengere pamtima nsomba chabe kkk. Arthur wakusungira iwiri ikuluikulu ukapatse asibweni akowo, bwera udzatenge isanaonongeke. Ubweze ndi chidebe cha amama."