Nsapato Zonse Ziwiri

"Sisi, thamangani," anatero Sista Bhengu pafoni. "Kamakina kanu kakulira. Nambala yagwa."

Nomvelo Gumbi anausiya tiyi pomwepo, n'kuliyatsa liwiro la ku chipatala.

Kamakinako kanali mwana wake, poti wina analibe. Utsikana wake wonse unathera m'chipinda chapansi pa yunivesite ku Durban, chopanda zenera, makoma akuda bii, akulasa kuwala m'timabotolo ta magazi. Magazi okhuta okosijeni amameza kuwala mwamtundu wina, magazi anjala mwamtundu winanso. Nkhani yake ndi yomweyo basi, koma inamudyera zaka mpaka anzake anam'patsa dzina loti Mleme. Chimakina chodzaza tebulo anachifinya mpaka chinasanduka kanthu konga chitsekero cha botolo, komata pakhungu, n'kumanena ngati mnofu ukulandira mpweya.

Woyamba kukavala anali Baba Hlongwa, woyendetsa tekisi wa ku Umlazi. Ngozi inawasenda pakakolo mpaka fupa kuonekera. Dokotala Ramlakan anadula mnofu pantchafu n'kuusokerera pabalapo, mtsempha ndi mtsempha. Mnofuwo ukafa, phazi lidulidwa. Pakhungu lakuda sizioneka msanga kuti mnofu wayamba kufa, n'chifukwa chake dokotalayo, munthu wokayikira ngakhale wotchi yake, analola kuyesa kamakinako. Komanso mtima wa bamboyo unali utavuta kale pa opaleshoni yoyamba, moti kuwagonekanso kunali kuika moyo pachiswe.

Nomvelo anapeza m'wodi muli zii, kamakina kokha kakuliza pii, pii. MaShezi, mkazi wa wodwalayo, anali pampando manja ali kunkhongo.

"Dokotala ndamuimbira, ali ku fiyeta, akuchita opaleshoni ina," anatero Sista Bhengu. "Wati bamboyu asadye kanthu, tim'konzekeretse. Akamaliza kumeneko abwera kudzam'tenga."

"Mwanangu, wafika?" anatero Baba Hlongwa, akuyesa kumwetulira. "Ndamuuza mayi uyu kuti nsapato yakumanzere akam'patse galu. Nayenso amve kukoma."

"Khalani chete, inu!" MaShezi anawakalipira.

Nomvelo anagwada pafupi ndi bedi. Anayang'ana nthambo, inali bwino. Batire, lodzaza. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Nambala ija inabwerera pomwe inali, pansi penipeni, kumadumphadumpha. Ngati kamakinako kakunena zoona, phazi likupita. Ngati kakunama, ndiye iyeyo, Nomvelo, akutumiza munthu wa mtima wofooka kumpeni popanda chifukwa. Apa ndiye panalibe pothawira.

Anapukuta thukuta m'khosi. Kenako anadabwa. Thukuta mu Juni, anthu onse atavala majuzi? Atatembenuka, dzuwa linam'thobwa m'maso. Katani inali itakankhidwira kumbali, bulangete litapindidwa bwinobwino mpaka m'maondo, ndipo phazi lija linali pamtetete, likuwothera dzuwa.

"Watsegula katani ndani?"

"Ndine," anayankha MaShezi. "Si munati mwendo uzikhala wofunda? Ndiye ndawaothetsa. Dzuwa n'laulere. Ndalakwa?"

Kalanga ine, Mleme! Zaka zonse zija mumdima, sanaganizepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti odwala amagona pafupi ndi mazenera. Kamakinako kamatumiza kuwala kake m'mnofu n'kuwerenga kumene kwabwerako. Tsopano dzuwa linali litalowera m'mbali mwa bandeji, ndipo kanali ngati munthu womvetsera manong'onong'o pa depoti ya matekisi.

"Simunalakwe, mama. Sista, tsekani katani. Ndipatseni nsalu yakuda, iliyonse."

"Hhayi! Ayi!" MaShezi anadzambatuka. "Nsalu yakuda pa mwamuna wanga ali moyo? Mtsikana iwe, kwanu kulibe akuluakulu?"

Panalibe nthawi yotsutsana. Maso a Nomvelo anagwera pa chipewa chachikopa chimene chinali pakabati, chimene Baba Hlongwa ankati sayendetsa galimoto osachivala. Anachitenga, n'kuvundikira phazi lija mosamala, osakhudza bala.

"Ehe, taonani," anatero mwini chipewa. "Mutu wachivala zaka zonsezi, lero ndi nthawi ya phazi."

Palibe anaseka. Onse anayi maso anali pakagalasi ka kamakinako. Nambala inasiya kudumpha. Inaima kaye, ngati ikuganiza. Kenako inakwera, n'kukweranso, pang'onopang'ono, mpaka inafika pamene inali m'mawa. Kulira kuja kunaleka.

"Nkosi yami, Mulungu wanga," Sista Bhengu anapumira m'mwamba.

Koma Nomvelo sanayerekeze kusangalala. Kamakina kamene kanama kamodzi, ungakakhulupirire bwanji kachiwiri?

Dokotala Ramlakan analowa ali chivalire zobiriwira za ku fiyeta. Anayang'ana nambala, anayang'ana chipewa, kenako Nomvelo. Anamvetsera zonse osaphethira.

"Chabwino. Koma ine ndimakhulupirira magazi," anatero. "Sista, singano."

Anatsegula bandeji, n'kubaya pang'ono pakati pa mnofu wosokedwa uja. Magazi akachedwa, kapena akatuluka akuda, ndiye kuti zadadi.

Kadontho kanatumphuka nthawi yomweyo, kofiira psuu.

"Mnofu uli moyo," anatero dokotala. "Ku fiyeta sapita. Mpatseni chakudya munthuyu asanatidye ife." Ndiyeno anacheukira Nomvelo. "Inu a mumdima, mwana wanuyu ndi wanzeru, koma kam'phunzitseni kuti kunja kuno kuli dzuwa. Mum'sokere chipewa chakechake. Ndikamuona atavala, ndim'patsa odwala ena."

Nomvelo anangokhala pansi phwata, patsinde pa bedi, akuseka, misozi ili chuchuchu. Chimwemwe chake chinasakanikirana ndi manyazi, koma iye analibe nazo ntchito.

"Musalire, mwanangu," anatero Baba Hlongwa. "Chipewacho ndikubwerekani. Koma pobweza muwonjezerepo nyama yowotcha."

Dokotala anali atafika kale pakhomo pamene MaShezi anam'tsatira. Anaima patsogolo pake, akupotokola ngodya ya duku lake, nthabwala zonse za mwamuna wake zitamuthera mphamvu.

"Dokotela," anatero motsitsa mawu, kuti wodwala asamve. "Tsiku lodzam'tenga, nsapato ndibweretse zingati?"

Dokotala Ramlakan anayang'ana phazi lovala chipewa lija.

"Zonse ziwiri, mama. Ndipo muzipolishe."