Batani Lachinayi la Radiyo ya Basílio

Basílio anali atagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, pamene amayi ake aEstele anafika ndi lichero la nyemba n'kukhala pamwala pafupi ndi galimotoyo. Kuyambira m'mawa ankangomva chitsulo chikulira. Mwana wawoyo ankaboola karinya yake, imene ankanyamulira kachewere wa anthu kuchokera ku Fonte Boa kupita naye ku Ulongwe, kuti alowetsemo radiyo.

"Galimoto imene ikudyetsa ana ako ukuicheka pachifuwa," anatero aEstele.

"Ndi kabowo chabe, amayi. Azungu onse a ku tauni ya Vila ali nazo."

"Azungu akamamvera radiyo, palibe amawafunsa kuti amva chiyani."

Radiyoyo anaigula ku Dedza, n'kuidutsitsa pamalire a Kalomwe ili m'thumba la chimanga. M'sitolomo munali ziwiri. Ina inali yatsopano, yongopotokola. Inayo inachotsedwa m'galimoto imene inagubuduka, koma inali ndi mabatani asanu oyera, ondandalika ngati mano. Ukadina limodzi, kasingano kankathamanga kokha kukaima pamene mwini wake woyamba anakonzera. Basílio anasankha ya manoyo. Chinthu cha munthu amene sukumudziwa chimabwera ndi zizolowezi zake, koma zimenezo ana safunsa.

Waya wofiira anaulumikiza kumene kumachokera moto wa bateriya. Wakuda anaumangirira ku chitsulo cha galimoto, atapala penti ndi mpeni. Kamodzi moto unathetheka, aEstele anadzidzimuka mpaka nyemba zinamwazika, mkazi wa Basílio, Elizabeti, natuluka m'nyumba akuthamanga.

"Bambo a Berta, mwapsa?"

"Ndi moni chabe. Ikundidziwa."

"Moni wotero ngakhale apongozi sapereka," anatero Elizabeti akutola nyemba.

Kenako anaboola pamwamba pa tayala lakutsogolo n'kuimikapo antena, ndodo yachitsulo yotalika kuposa munthu. AEstele anaiyang'ana nthawi yaitali. Masiku amenewo anali a nkhondo. Pamlatho wa panjira ya ku Ulongwe asilikali a Chipwitikizi anali ataika mpiringidzo, ndipo galimoto iliyonse inkaima pamenepo. Mphunzitsi wina wa kutsidya anatengedwa chaka chathacho atapezeka akumvera pa radiyo mawu a anyamata a m'tchire omenyana ndi atsamunda. Mkazi wake ankapitabe ku boma ndi chakudya, chakudyacho n'kumabwerera.

Dzuwa litapendeka, ntchito inatha. Basílio anapukuta manja, nakhala pampando ngati mkwati. Anadina batani loyamba, munatuluka nyimbo ya Chipwitikizi. Lachiwiri linali la ku Blantyre, munthu akulengeza za maliro. Lachitatu linangoti phwaa ngati mvula. Atadina lachinayi, mwamuna wina analankhula Chinyanja chomveka bwino, ngati wakhala nawo m'galimotomo. Ankalankhula ali ku Zambia. Anati ana a Mozambiki asatope, atsamunda atsala pang'ono kupita.

Basílio anazimitsa. Onse atatu anatembenukira kumpanda. Kunalibe munthu, koma mpanda wa udzu sutseka khutu.

"Chotsa chinthu chimenechi," anatero aEstele motsitsa mawu. "Ukachikwirire m'munda wa nyemba."

"Ndaboola kale galimoto, amayi. Bowolo nditsekapo chiyani?"

"Tsekapo chipewa chako."

"Lolakwa ndi batani limodzi. Enawa alibe mlandu."

Anayesa kupotokola kuti batanilo liiwale malo ake, koma akadina, kasingano kankabwerera pomwepo ngati mbuzi yozolowera dimba. Mmene amasinthira sankadziwa, ndipo wofunsa panalibe, chifukwa kufunsako ndiye kudziulula. Pamapeto anatenga alikati, chopanira chachitsulo, napana batanilo, nalizula. Panatsala kachitsulo kosongoka pakati pa mabatani anayi oyera.

"Latha," anatero.

"Pamene pachoka dzino, lilime silichokapo," anatero amayi ake. "Msilikali ndi mwana. Akaona bowo amapisamo chala."

M'mawa mwake anthu anapakira matumba awo a kachewere. AEstele anavala mpango wa kutchalitchi, nakwera kutsogolo popanda wowaitana. Anati nkhalamba ikakhala m'galimoto maso a asilikali amafewa. Njira yonse anagwira korona m'manja, koma mapemphero sankatha, ankangoyambiranso.

Anafika pamlatho dzuwa lili pamutu. Kabo wachizungu, woyang'anira asilikali a pamlathopo, wamng'ono msinkhu kwa Basílio, anazungulira galimoto akumenya matumba ndi kamtengo. Pambuyo pake pankayenda Rafael, msilikali wakuda womasulira, amene anaphunzira limodzi ndi Basílio ku misyoni. Awiriwo sanapatsane moni. Kaboyo anaima pa antena, naikoka, naisiya kuti injenjemere. Kenako analowetsa mutu pazenera.

"Akuti uyatse," anatero Rafael.

Basílio anayatsa. Kaboyo anadina loyamba, namwetulira atamva nyimbo ya kwawo. Anadina lachiwiri, lachitatu, lachisanu. Chala chake chinabwerera pang'onopang'ono n'kuima pamene panalibe batani.

"Akufunsa kuti ili lili kuti."

"Linagwa lokha. Ndinaigula yakale."

Rafael anamasulira. Kaboyo anatulutsa kiyi m'thumba, naika nsonga yake pa kachitsuloko, nakankha. AEstele anaona kasingano kakuyenda. Anatseka maso.

Radiyo inangoti phwaa. Anthu a ku Zambia aja sankalankhula masana.

Kaboyo anadinanso loyamba, nyimbo inabwerera, iye nayamba kugogoda chitseko ndi zala motsatira. Analankhula mawu angapo akuseka.

"Akuti ndi yabwino," anatero Rafael osayang'ana Basílio. "Akuti ya ku kampu inafa. Akuibwereka. Umasule."

Kubwereka kwa munthu wa mfuti sikukanidwa. Basílio anagwada pafumbi, nayamba kumasula zimene anamanga dzulo lake. Kaboyo anapita kukaima pamthunzi, akulemba nambala ya galimoto m'kabuku. Rafael anawerama ngati akuthandiza kukoka mawaya.

"Alikati amasiya mano pachitsulo," ananong'ona. "Ine ndaona. Iye sanaone, koma akulu ake amaona."

"Ndinene kuti sindinkadziwa."

"Wosadziwa sazula limodzi n'kusiya anayi. Akuluwo amamvera radiyo akatha kudya, dzuwa likamalowa. Ndipo amadina onse." Anadzuka, radiyo ili m'manja, nalankhula mokweza. "Pitani. Agogo, muyende bwino."

Mpiringidzo unakwera. Basílio anayendetsa galimoto. Pamene panali radiyo panali bowo, mawaya awiri akulendewera. Atakhota paphiri, mlatho utabisika, anayamba kulankhula mofulumira.

"Mwina sadina. Mwina Rafael aiwononga. Ndikatsitsa kachewereyu, madzulo ndikhala ndili kunyumba, tione mmene kuchere."

"Mphunzitsi uja anadikiranso kuti aone mmene kuchere," anatero aEstele. "Ima apa."

Anaima pamphambano, pamene njira ya ku Kalomwe imapatukira. AEstele anatsegula chitseko, natsika mosamala, mwendo umodzi kenako unzake.

"Galimoto ukaisiye kwa aAntónio, anzathu aja a m'njiramu, kuseri kwa nkhokwe zawo. Uwauze agawire anthu kachewere wawo. Iwe usadzere pa geti la pamalire. Udzere m'minda, ukafike kwa amalume ako ku Dedza kusanade."

"Nanga Elizabeti ndi ana?"

"Ndiwo ndikupitira. Ndidzera kumunsi, pamene ng'ombe zimawolokera. Akupeza mawa kapena mkuja."

"Nanga inu, amayi?"

"Akabwera apeze munthu pakhomo. Nyumba yopanda munthu amaitentha. Ine andifunsa chiyani? Sindidziwa kuwerenga, sindidziwa radiyo, ndipo mwana wanga samandiuza kumene akupita."

Basílio anagwira chiwongolero ndi manja onse, mutu uli pansi. Amayi ake anatseka chitseko.

"Uchotse ndodo yachitsuloyo," anatero pazenera. "Ikuonekera patali."

Basílio anatsika, naithyola, naiponya m'udzu. Galimoto italowa njira ya kumalire, aEstele anamanga chitenje mwamphamvu, nayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litachoka pamutu. Kuchokera pamenepo kukafika ku Fonte Boa ndi miyendo yawo unali ulendo wa mpaka madzulo, ndipo anayamba kuyenda mofulumira kuposa mmene anayendera zaka zambiri.