Madzi Ozizira M'makina Anga

Ine Wilkins Nyirenda ndayenda. Ku Durban ndakhalako, ku Dar es Salaam amandidziwa, ndipo makina otsukira makabuleta a njinga zamoto amene ndinabwera nawo kuchokera ku Joni, pa Mzimba Boma panalibe anali atawaonapo.

Ndi kabeseni kachitsulo. Umathiramo madzi ndi sopo, n'kuyatsa. Pansi pake pamanjenjemera mofulumira moti khutu silingatsatire, ndipo kunjenjemerako kumang'amba madzi n'kupanga tithovu tosaoneka ndi maso. Tithovuto tikamaphulika timachotsa litsiro ngakhale m'kabowo koti singano singalowe. Koma madzi ongotunga kumene amakhala ndi mpweya wambiri umene umafooketsa tithovuto, choncho umayamba wayatsa makina mphindi khumi kuti mpweyawo utuluke. Chinsinsi chimenechi ndinauza munthu mmodzi yekha: Zondwayo, makanika wa ku Champhira, mwamuna wa mlongo wanga Linily.

A Cosmas Jere, tcheyamani wa akabaza, anati akakhutira, njinga zonse za pa depoti zizibwera kwa ine. Loweruka m'mawa ndinakonzeratu madzi, ndinayatsa makina mpaka madziwo anafunda. Njinga zawo zitamveka panja, Zondwayo anati, "Alamu, kalandireni alendo, ine ndilondera pano."

Titalowa ndinanyamula foyilo, pepala lonyezimira lokutira chakudya lija.

"Mphindi imodzi m'madzimu, lituluka lobooka ngati sefa. Likapanda kutero mundiseke mpaka ku Euthini."

"Imodzi mbwenu?" anafunsa a Jere.

"Yang'anani pa foni yanuyo."

Linatuluka losalala ngati mmene linalowera.

"Bwana," anatero a Jere, "ku Joni anakugulitsani poto wa mazira."

Ndinapempha mphindi khumi, koma anali atayamba kale kuliza njinga. Nditapisa chala m'beseni, madzi anali ozizira ngati a pa mjigo. Amene ndinakonza ine anali atafunda.

Patatha milungu iwiri ndinadutsa pa depoti. Njinga zinali pa mzere kutsogolo kwa kashopu katsopano, pakhomo atapachika foyilo wobookabooka. M'kati Zondwayo ankafotokozera akabaza za tithovu, mawu anga enieni, ngakhale kakwezedwe ka dzanja.

"Yewo chomene, alamu," anatero atandiona. "Inu mwayenda, mupeza china."

Kumbuyo kwake Linily ankathira sopo m'kabeseni kachitsulo konga kanga. Ndinamuitana ndi dzina limene amayi ankamuitanira ali mwana. Anayatsa makina, maso ali pa wotchi.