Jakisoni wa Kapitawo

Lole yonyamula amayi okavina kumsonkhano wa chipani inafika ku Lifuwu Loweruka m'mawa, ndipo Pauline analibe mwayi wokana. Ngakhale anali namwino, a chipani anali atatchula dzina lake, ndipo masiku amenewo wotchulidwa sankafunsa chifukwa. Akumanga chitenje, anathamangira kwa mwamuna wake, Lameck, yemwe ankasukusula kuseri kwa nyumba.

"Musamuiwale Kapitawo. Adye kaye, kenako jakisoni. Mulekeze pa mzere ndinakuonetsani uja."

Anadutsiranso kukhitchini kwa mayi ake, a Dailes, n'kunena mawu ena amene Lameck sanawamve chifukwa lole inali kuliza hutala.

Kapitawo anali mphaka wa Mayeso, mchimwene wake wa Pauline, yemwe anthu osadziwika anakamutenga kukoleji zaka zitatu zapitazo. Chiyambire sikunamveke kumene Mayesoyo ali. A Dailes sankatchula za mwana wawoyo pagulu, koma ankakonda kunena kuti akadzabwera adzapeze mphaka wake ali moyo. N'chifukwa chake mphakayo atayamba kuwonda ndi kumwa madzi mosalekeza, Pauline anapita naye kwa dokotala wa ziweto ku Lilongwe. Anabwerako sabata yathayo ndi mbiri ya matenda a shuga komanso kabotolo ka insulini, kamene kankakhala m'firiji ya palafini.

Lameck anali kalaliki ku sikimu ya mpunga, ndipo pakhomopo anali mkamwini wodziwa mwambo. Iye ndi apongozi ake sankayang'anana kumaso. Akakumana panjira ya kudambo, wina ankapatukira m'tchire. Mawu onse ankadzera mwa Pauline, ndipo tsikulo Pauline panalibe.

Lameck anayamba wapita kukaona madzi m'ngalande. Pobwera anaika usipa wowiritsa m'mbale. Kapitawo ananunkhiza, n'kudya tiwiri tokha. Lameck anaona kuti kudya ndi komweko. Anatenga jakisoni wagalasi m'kapoto kamene ankamuwiritsira, n'kudabwa pang'ono kuti madzi ake anali ofunda. Anakoka mankhwala mpaka pa mzere, anatsina khungu la pakhosi, nabaya. Mphakayo anadzipotokola n'kuthawira pansi pa mtengo wa mango.

Dzuwa litakwera, Lameck anamva mbale ikugubuduka pakhonde. Anapeza Kapitawo akuyenda modzandira, miyendo yakumbuyo ikukana. Anagunda chipupa, nagwa chammbali, thupi lonse likunjenjemera.

Lameck anayesa kukumbukira malangizo aja. Pauline anali atanena kuti shuga akhoza kukwera kapena kutsika, koma chizindikiro cha uku ndi cha uko zinamusokonekera m'mutu. Anakumbukira mmene mphakayo anadzipotokolera. Kodi singano inalowadi? Mwina mankhwala anathera mu ubweya. Ngati zinali choncho, ndiye kuti Kapitawo sanalandire kanthu chiyambire dzulo, ndipo wolakwa anali iyeyo. Anathamangira kufiriji, nakokanso mankhwala, n'kugwada pambali pa mphakayo.

Kuseri kwa chipupa cha khitchini kunamveka kutsokomola. Kenako a Dailes analankhula, mawu awo akulunjika kwa mphaka monga ulemu unkafunira.

"Kapitawo, uwauze anthu ali nawewo kuti asavutike. Jakisoni wa lero walandira kale."

Lameck anaima singano ili m'malere. Nayenso anayang'ana mphaka.

"Kapitawo, uwauze amayi kuti zoona ndinakubaya, koma ndikukayika ngati analowa."

"Anakubaya ndani? Ndakubaya ndine, iwo ali kungalande. Pauline anandiuza ine."

"Anandiuzanso ine, amayi."

Kumunda kunkamveka ana akupirikitsa mbalame mumpunga. Tsopano Lameck anamvetsa chifukwa chimene madzi a m'kapoto anali ofunda, ndiponso anakumbukira bwino mawu a Pauline: mankhwala akachuluka ndipo chakudya chachepa, shuga amatsika, mphaka amadzandira, kenako amakomoka osadzukanso. Anaika jakisoni uja pansi, kutali, ngati wagwira njoka.

A Dailes anatulukira akutsimphina ndi bondo lawo lotupa, nkhope atayang'anitsa kumbali. Atamuona Kapitawo akuphiriphitha, malovu ali kukamwa, anaiwala zoyang'ana kumbali.

"Mayo ine! Tamupha mwana wa Mayeso!"

"Sanafe, amayi. Pakufunika shuga. Timupake m'kamwa msangamsanga."

"Shuga? Si yemweyo wamudwalitsa? Mukufuna kumumaliza?"

"Pauline ananena choncho. Mankhwala amuchotsera shuga yense m'magazi. Ndikupempha, amayi, ali kuti? M'kabati sindinamuone chiyambire Lolemba."

A Dailes anakhala pansi movutikira n'kumuika mphakayo pamiyendo. Mutu wake unali lende.

"Ndinabisa," anatero motsitsa mawu. "Ndinkaopa kuti angamanyambite. Ali m'chitini, m'sutikesi, pansi pa bedi langa."

Lameck anayang'ana chitseko cha chipinda cha apongozi ake. Pa zaka zonse zimene anakhala pakhomopo anali asanapondepo ngakhale pakhomo pake. Mkamwini wolowa mmenemo nkhani yake inkafika kwa ankhoswe, ndipo ena ukwati unkathera pomwepo. Anayembekeza kuti mayiwo adzuka. Iwo anayesa, koma bondo linakana, ndipo Kapitawo anaumitsa miyendo n'kuyamba kugwedezeka mwamphamvu.

"Mukudikira chiyani, bambo? Lowani!"

"Amayi, anthu akamva…"

"Anthu ake ati? Onse akwera lole. Lowani, ndanena ndine!"

Analowa maso ali pansi. Anagwada, nakoka sutikesi, napapasa pakati pa nsalu zopindidwa mpaka anakhudza chitini. Anatuluka chothamanga, nathira shuga m'kapu ndi timadzi pang'ono, n'kutakasa ndi chala.

"Mumutsegule kukamwa, amayi. Musamumwetse, angatsamwe."

A Dailes anakweza mlomo wa mphakayo, ndipo Lameck anapaka madzi a shugawo m'nkhama. Anapakanso, napakanso. Mitu yawo inatsala pang'ono kugundana. Palibe chinasintha. Mayiwo anayamba kunong'ona pemphero, ndipo pakati pa pempherolo Lameck anamva dzina la Mayeso likutchulidwa mobwerezabwereza.

"Pakaninso," anatero a Dailes. "Musaleke."

Lilime la Kapitawo linasuntha. Linanyambita chala cha Lameck kamodzi, kenako kawiri. Kunjenjemera kunayamba kuchepa. Patapita nthawi mphakayo anadzutsa mutu, nawayang'ana onse awiri ngati wodabwa kuwaona pamodzi. Lameck anabweretsa mbale ya usipa ija, ndipo a Dailes anaphwanya kamodzi ndi zala n'kumuika pamphuno. Anadya. Anafunanso kena.

"Akhoza kugwanso," anatero Lameck. "Mankhwala akadali m'thupi. Tisamusiye yekha lero, ndipo madzulo asabayidwe mpaka Pauline atamuona."

A Dailes anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sanabwerere kuseri kwa chipupa.

"Kokani mpandowo mukhale apa," anatero, akumuyang'ana mkamwini wawo kumaso. "Ndipo kuyambira mawa obaya ndinu. Ine ndizimugwira."