Paudala wa Georgina

Georgina anali akudzolabe paudala pamene mwamuna wake, Fanwell, anagogoda pazenera.

"Amake Joel, minibasi siyembekeza munthu. Khadi isila pa Friday, mwaiwala?"

Akanaiwala bwanji? Mgodi unali utagulitsidwa, Fanwell atachotsedwa ntchito, ndipo Lachisanu khadi yawo ya chipatala cha mgodi inali kutha mphamvu. Miyezi isanu ndi iwiri Georgina anavutika: zala kutupa, tsitsi kuthothoka, thupi kutentha. Mankhwala a malungo anamwa katatu. Kachilombo anamuyeza kawiri osakapeza, koma kwawo ku Chamboli ndani amakhulupirira pepala? Amayi a pampopi anali atamuyeza kale ndi maso. N'chifukwa chake zidzolo zomwe zinayala masaya onse kudutsa pamphuno ankazikwirira, makamaka popita kwa dokotala. Kumeneko, monga kutchalitchi, munthu amapita atadzikonza.

Tsikulo dzuwa linamuyalutsa. Pamzere thukuta linatsika n'kukokolola paudala yense wa tsaya limodzi. Dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anasiya kulemba.

"Mayi, ichi pankhope chinayamba liti?"

"Ni dzuwa chabe, adokotala."

"Mukayenda padzuwa chimakula? Mkamwa muli zilonda?"

Georgina anavomera ndi mutu.

"Kasambeni kumaso, mubwele."

Atabwerako, dokotala anamuyang'ana nthawi yaitali, nam'finya mfundo za zala chimodzichimodzi.

"Niganizila lupus. Thupi limenyana lokha, sapatsilana. Koma kulibe chipimo chimodzi. Tiona nkhope, mfundo, mkodzo kuti tidziwe za impso, ndiye magazi tituma ku Lusaka. Yankho ni three weeks."

"Three weeks?" Fanwell anayang'ana khadi m'manja mwake.

"Sembe nkhope iyi tinaiona mu June, sembe tinadziwa kudala," anatero dokotala mosakalipa. "Nizalemba kalata ya ku chipatala cha boma. Uko anthu ni ambili, dokotala azamuonani two minutes chabe. Aone zonse."

Georgina anafuna kulira. Miyezi yonseyi anakhala akubisa yekha chinthu chokhacho chimene chikanamunenera. Ndipo impsozo, kodi zidikira?

Paudala anamusiya pasinki ya chipatala. Podutsa pampopi, amayi analeka kutunga, maso onse pa iye. Mantha anali nawo, koma sanaphimbe nkhope. Anafumbata kalata ija, nawapatsa moni mmodzimmodzi.