Kampira ka M'thanki

Mwamuna wa telala ankatchedwa Injiniya, ngakhale sanapondepo pakhomo la sukulu ya ntchitoyo. Dzinalo anam'patsa ndi anthu oyandikana nawo nyumba mongomuseka, iye n'kulilandira ndi manja awiri. Chinthu chikamayenda bwino m'nyumba, m'manja mwake munkayabwa.

Thanki yawo ya madzi inali m'denga, ndendende pamwamba pa chipinda chosokeramo. M'kati mwake munali kampira koyandama: madzi akamakwera, nako kankakwera mpaka kutseka paipi. Injiniya atasuzumiramo tsiku lina, anatsika ali lunda. Akuti kampirako kankatseka madzi thanki isanadzaze, kumubera malo. Anakamangirira pansi ndi waya, osauza munthu. Masiku amenewo madzi anali atasiya kutuluka, ndiye nzeru zakezo zinangokhala phee kudikira.

Madzi anabwera m'mawa wina telala atapita kukagula ulusi. Pobwerako anawamva asanatsegule n'komwe chitseko. Siling'i inali itang'ambika pakati, ndipo madzi ofiirira, a dzimbiri ndi zitosi za makoswe, ankakhuthukira pa diresi loyera limene analipachika m'chipindamo. Linali diresi la ukwati la mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo. Ukwatiwo unali mawa lake.

Mikanda ya pachifuwa anaisokerera umodziumodzi mpaka maso kuchita chidima. Makasitomala anawabweza chifukwa cha diresi limeneli. Mtima ukumuwira, anathamangira panja kukatseka madzi.

Injiniya anafika akuimba mluzu.

"Mayi a mwana, madzi abwera eti? Lero thanki idzaza mpaka pakamwa."

"Yadzaza, bambo. Lowani muone kudzaza kwake."

Bamboyo anayang'ana kudenga, n'kukanda m'mutu. "Aaa, ndiye kuti waya uja ndinamanga kampira..."

"Waya! Anakutumani ndani? Kampira kaja kanakulakwirani chiyani? Wailesi munaipha, mbaula munaipha, ine ndili duu kukubisirani manyazi. Lero mwafika pa mwana wanga?"

"Musakweze mawu, anthu akumva. Sopo alipo, tichapa."

"Musalikhudze! Manja amenewo akhale komweko."

Telala anayesa sopo, anayesa mandimu ndi mchere. Dzimbiri linangofalikira, kuchoka paphewa kutsikira m'chiuno. Ankachapa akutukwana chamumtima, misozi ikugwera m'beseni momwemo.

Masana mkwatibwi anabwera kudzayesa diresi komaliza. Anaima pakhomo, nsapato zili m'madzi, n'kuliyang'ana. Mayi ake anadikira kuti mwanayo ayambe kulira. Mawu opepesa anali atawakonza kale, ngakhale wolakwa anali atakhala pampando uko akupukuta sipanala.

Mwanayo sanalire.

"Amayi, musadzivute. Lilipo lina."

"Lina liti?"

"Ndinabwereka kushopu mwezi watha. Akundisungira alamu anga."

Telala anaimirira, thovu likuyenderera m'mikono. "Ndiye ine ndimathera maso pachabe? Langali sumalifuna?"

"Ndimalifuna, amayi, kwambiri. Koma ndakulira m'nyumba muno. Chilipo chabwino chimene chinafikapo tsiku lake chili chathunthu? Sindikanadikira kuti ndione."

Mawuwo anamulasa telala kuposa dzimbiri lija. Mwana wake anali atamuyeza kalekale, n'kupeza kuti mayi ake sangateteze ngakhale nsalu m'chipinda chawo chomwe. Ndipo sananame. Zinamupweteka, zinamuchititsa manyazi, zinamukwiyitsa koposa.

Injiniya anapumira m'mwamba, nkhope n'kumasuka.

"Mwaonatu, mayi a mwana? Phokoso lonse lija, chonsecho palibe chawonongeka."

Telala anavuula diresi m'beseni osalifinya, n'kumuunjikira Injiniya pamiyendo, madzi chuchuchu kutsikira m'masokosi.

"Mawa pomuperekeza mwana wanu mudzanyamule limeneli, bambo. Akakufunsani kuti la mayi ake lili kuti, mudzawayankhe nokha."